Kapeti wa Anti Zelipa

Ndinanyamuka ku Lusaka m'mawa, kapeti wofiira paphewa, uthenga woipa pakamwa. Mkulu wanga Yona ndiye anandituma. Iye ndi katswiri wogulitsa, koma pa nkhani zovuta amatuma ine.

Shopu yathu ya makapeti ku Kamwala inabadwira m'bango. Agogo ankaluka mphasa ku Feira n'kumakagulitsa m'tauni, mphasa za mizere iwiri yakuda m'mphepete, kuti aliyense adziwe kuti n'za kwathu. Atate ndiwo anabweretsa makapeti akunja. Mphasa zinatsala pakona, ndipo woluka anatsala mmodzi, Anti Zelipa, mlongo wawo wa atate. Tsopano Yona ankafuna konayo. Ine ndinkapita ku Feira kukawauza Antiwo, mayi wamasiye, kuti mphasa zake sitidzatenganso, ndipo kapetiyo anali wopepesera. Zinkandiwawa, sindibisa.

Kondakita wa basi anayang'ana mpukutu wa kapetiwo n'kunena kuti ulipire ngati munthu. Ndinalipira, koma mpando sunaupeze. Unagona pamiyendo yathu, ine ndi namwino wina wobwerera kuntchito ku Feira komweko. Titadutsa Chongwe namwinoyo anaugwiragwira n'kufunsa ngati ndikudziwa kutentha kwa kumene ndikupita. Anati kumeneko ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ndiye ubweya wonsewu ndi wa ndani?

Masana tinaima pa Luangwa Bridge. Ndinagula nsomba yokazinga ndi masau, ndipo ndinapewa kuyang'ana madengu ndi mphasa zopachikidwa m'mbali mwa msewu. Kenaka tinakhotera kumanja, kutsata mtsinje. Ndowe za njovu zinali mbwee pamsewu, dalaivala n'kuchepetsa liwiro. Ine sindinadandaule. Ndinkafuna njovu itatseka njira mpaka mawa.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Anti ndinawapeza pansi pa mtengo, akusanja nsomba zouma. Anayala kapetiyo, n'kumutembenuza, n'kukanda kumsana kwake ndi chikhadabo monga ankachitira atate. Kenaka anakhalapo. Ndinatsokomola kuti ndiyambe, koma anandidula.

"Mwanangu, mwandibweretsera chinthu chodula, ine ndili ndi mawu oipa. Mphasa nalema nazo. Msana wakana, kubango ng'ona zachuluka, ndipo malonda a nsomba za ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinjeku, akundidyetsa bwino. Ndakhala ndikuluka chifukwa cha imwe chabe. Nenze kuopa kuti shopu ingagwe."

Ndinaseka mpaka misozi. Nditawauza chimene ndinadzera, anandimenya ndi nsomba paphewa, nati Yona ndi wamantha ngati atate ake. Zaka zonsezi ife tinkagula mphasa powamvera chisoni iwo, iwonso akuluka potimvera chisoni ife.

M'mawa mwake anandiperekeza kubasi atanyamula mphasa imodzi, ya mizere iwiri yakuda. Anati iyi si yogulitsa, tikaiyale pamene timakhala podya mushopu. Kapeti anatsala pansi pa mtengo, mbuzi ikumununkhiza.

Pobwerera ndinkaganiza kuti pachibale timataya nthawi yambiri posungirana mawu. Kondakita anali yemwe uja. Anayang'ana mphasayo n'kunena kuti iyi ikwera ulele, chifukwa amayi ake anamulerera pa yotere. Ndinaigoneka pamiyendo mpaka ku Lusaka, ikununkhirabe bango.