Amalume Anga ndi Maliro a M'filimu

Amalume anga, a Obadiya, sankatha kuonera filimu ali chete. Ndi kalipentala wa pa Nsaru, ndipo kuyambira unyamata wawo akhala akukhoma zitseko, mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro pansi pa chisakasa chomwecho, kuseri kwa msika. Ndi munthu wouma mutu. Ndikunena izi ine Yunisi, mwana wa mlongo wawo, amene ndinakulira pakhomo pawo. Ukawauza kuti mvula ikubwera, amayamba ayang'ana kumwamba kuti aone ngati sukunama.

Mafilimu anayamba kuonera kalekale, galimoto ya alangizi ikamabwera kudzaonetsa kanema pa chinsalu pabwalo la sukulu. Kuyambira pamenepo sanasiye kudandaula, komanso sanasiye kuonera. Mafilimu a karate ankati ndi bodza lamkunkhuniza. "Anthu onsewo akudikira kumenyedwa mmodzimmodzi ngati ali pamzere wa kuchigayo! Bwanji osangomugwira womenyayo onse pamodzi n'kumumanga?" Koma amene ankawakwiyitsa kwambiri ndi masewero osatha aja a pa wailesi ya kanema. "Kodi anthu amenewa amalima liti? Chaka chonse kungovala bwino n'kumakangana pabalaza. Amadya chiyani?" Ife mitima ili m'mwamba kuti mtsikana athawa kapena agwidwa, iwo amakhala akuyang'ana chitseko cha m'filimumo, n'kutiuza kuti amene anachikhoma sadziwa ntchito.

Akazi awo, a Dorcas, ndiye anali osiyana nawo kutalitali. Mwana wawo Promise atawatumizira sola ndi kawailesi ka kanema kuchokera m'tauni, azakhaliwo ankaonera ndi mtima wonse. Ankachenjeza anthu a m'filimu mokuwa: "Usalowe m'nyumbamo, mwana wanga!" Wina akamwalira ankalira, ngakhale amalume awakumbutse kuti munthu yemweyo anafanso sabata yatha mu filimu ina. Azakhali ndiwo ankayambitsa nyimbo kwa amayi a Chigwirizano. Mawu awo anali aakulu, okhuthala, ndipo akayambitsa nyimbo pa maliro, ngakhale adzukulu kumanda ankayamba aimitsa makasu.

Chimene ankagwirizana awiriwa chinali buku limodzi. Linali buku lakale la nthano, long'ambika chikuto, lonena za mnyamata amene anapita kukagwira ntchito kutali n'kubwerako m'bokosi. Amalume ankawawerengera azakhali mokweza, chifukwa azakhali sukulu sanapite nayo patali. Titamva kuti achinyamata ena a m'tauni akufuna kupanga filimu ya buku limeneli, ndipo asankha kudzajambula m'mudzi mwathu, azakhali analulutira. Amalume anangoti, "Adzaliwononga."

Achinyamatawo anabwera anthu atakolola. Mtsogoleri wawo anali mtsikana wotchedwa Natalia, waulemu ndithu, wodziwa kugwada popereka moni. Ankafuna zinthu ziwiri pa gawo la maliro a mnyamata uja: bokosi, ndi amayi oti alire ndi kuimba. Za bokosi anapita kwa amalume, ndipo anabwerako chimanjamanja.

"Ine sindikhoma bokosi uthenga wa maliro usanafike," anatero amalume. "Ndiyeze ndani? Pitani nazo kwina."

Bokosi anakagula m'tauni. Koma za kulira, azakhali anavomera asanafunse n'komwe, ndipo madzulo a tsikulo panali mawu pakhomo. Ine ndinali nditabwera kudzabwereka lichero, ndiye ndinamva zonse.

"Amake Promise, mukalira ndani?"

"Ndi sewero chabe, abambo ake Promise. Si buku lathu lomwe lija?"

"M'buku salira ndi pakamwa. Inu mukukaimba nyimbo za pamaliro, bokosi lili poteropo, popanda womwalira. Mukuitana chiyani m'mudzi muno?"

"Mulungu sasokonezeka ndi sewero. Amadziwa."

"Pitani. Ine phazi langa silikapondako."

Azakhali anapita. Iwo ndi anzawo anagwira ntchitoyo monga amagwirira pa maliro enieni, chifukwa njira ina yolirira sankaidziwa. Chimene palibe anachiganizira n'chakuti kulira kumawoloka dambo. Anthu a tsidya lija atamva, anasiya zimene ankachita. Amayi anabwera ndi nkhuni pamutu ndi ufa m'mabeseni, ena akulira kale asanadziwe wowalirayo. Ndipo popeza mawu omveka pamwamba pa onse anali a a Dorcas, ambiri anangolunjika kunyumba kwawo, poganiza kuti amene watisiya ndi a Obadiya. Mkulu wina atakumana nawo pa njira madzulo ake anabwerera chambuyo, n'kugwera mu mzere wa mbatata.

Ife tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma amalume sanaseke. "Anthu abwera kudzandilira ndili moyo," anatero, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kuyankhula ndi akazi awo. Chakudya ankadya, madzi osamba ankalandira, koma mawu ayi. Akafuna kanthu ankauza khoma: "Kaya sopo alipo m'nyumba muno." Ndinawauza pamaso kuti zimene akuchitazo ndi zachibwana, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo. Anandiyankha kuti ndikayang'ane banja langa. Azakhali ankangoseka, amvekere, "Asiye, mkwiyo wawo umatha ndi mvula yoyamba."

Mvula yoyamba inagwa, mkwiyo sunathe. Chimanga chitafika m'mawondo, azakhali anagwa m'munda akupalira. Tinawakweza pa ngolo, koma anatsirizikira pa njira tisanafike kuchipatala. A kuchipatala anati kunali kuthamanga kwa magazi. M'mudzi ndiye munali manong'onong'o, akuti munthu anadziimbira yekha nyimbo za maliro ake. Zimenezo zinkandinyansa, ndipo mayi wina ndinamutsekera pakamwa pa mjigo. Amalume sanatchulepo zimenezo ngakhale kamodzi. Bokosi anakhoma okha, anakana kuthandizidwa, ndipo sanafune chingwe choyezera.

Maliro atatha tinazindikira kuti azakhali sanasiye chithunzi. Chinalipo cha pa chiphaso cha unzika chokha, pamene anatuluka ngati munthu wogwidwa akuba. Zithunzi zina zinapita ndi foni ya Promise imene inabedwa pa depoti. Mawu awo aja palibe anaganizapo zowajambula, poti tinkawamva sabata iliyonse. Wailesi ya kanema amalume anaivundikira ndi chitenje. Ndinkaganiza kuti za mafilimu athana nazo, mpaka tsiku lina ndikudutsa pa chisakasa chawo anandiitana, maso ali pa thabwa.

"Iwe Yunisi, kodi filimu ija inatuluka?"

"Sindinamve, amalume."

"Anawajambula akuimba, eti?"

Apa m'pamene ndinadziwa chimene chinkawadya. Ankafuna kuona nkhope ya akazi awo kamodzi kokha, ndi kumva mawu aja. Funso limeneli anandifunsa mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zonse ndinkachoka pamenepo mtima ukuwawa.

Panadutsa dzinja lina, kenako uthenga unafika kuti Natalia akubwera kudzationetsa filimu yathu. Anaionetsera m'kalasi lalikulu la pasukulu, masana, mawindo atatsekedwa ndi matumba. Amalume anavala jekete la ku tchalitchi n'kukhala kutsogolo. Ine ndinakhala pambali pawo. Filimuyo inali itasintha zambiri za m'buku, mpaka inawonjezera chibwenzi chimene m'bukumo mulibe, ndipo ndinkadikira kuti ayamba kudandaula. Koma iwo anangopenyetsetsa kutsogolo. Manja anali atagwira mawondo.

Gawo la maliro linafika. Tinaona bokosi, mapazi a onyamula, fumbi. Amayi athu anaoneka patali, kumbuyo kokha, mipango yoyera yofanana, osadziwika uyu ndani. Nyimbo inayamba, koma sinali yathu. Inali kwaya ina yosalala, yoimba ndi limba. Amalume anaweramira kutsogolo, akufunafuna ndi maso.

Kenako khoma lonse linadzaza ndi nkhope ya amalume.

Anali ataima kuseri kwa mtengo wa mango, pensulo ili pakhutu, maso ofiira ali tong'o. Kodi munthu uja anati phazi lake silikapondako si uyu? Anapita mobisala, ndipo wojambula anawaona. Chithunzicho chinakhala nthawi yaitali, nyimbo ikukwera, ndipo m'kalasimo anthu anafuula, "Eee, a Obadiya!" Ena anaomba m'manja. Pambuyo pake filimu inapita kwina, ndipo nkhope ya azakhali sinaoneke n'komwe.

Itatha, Natalia anabwera kudzagwada pafupi nawo. Za imfa ya azakhali anali asanamve.

"Agogo, mutikhululukire kuti tinakujambulani osapempha. Koma nkhope yanu ija ndi imene ikuliza anthu kulikonse kumene taonetsa. Chisoni chotere sitikanachipeza kwa wina aliyense."

"Sichinali chisoni, mwana wanga," anatero amalume. "Ndinali nditakwiya. Nanga mayi uja ankayambitsa nyimbo, mwamuika pati?"

Natalia anafotokoza kuti mphepo inawononga mawu a tsikulo, n'chifukwa chake anaika kwaya ina. Zithunzi zapafupi za amayi anazichotsa poti ena ankayang'ana kamera. Amalume anafunsa ngati zochotsedwazo amazisunga penapake, monga iwo amasungira zidutswa za matabwa. Mtsikanayo anati zinalipo, koma chipangizo chimene anasungamo chinawonongeka. Nditamunong'oneza chifukwa chimene amalume ankafunsira, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Ndinkafuna kumukalipira, koma ndinalibe pomugwira. Amalume ndi amene anamusisita paphewa, n'kutenga chipewa chawo.

Masiku ano akukhomabe matabwa, ngakhale mphamvu zachepa. Anyamata a pamsika amawatcha katswiri wa filimu, ndipo iwo amangopitiriza kupala thabwa. Ukawafunsa maganizo awo pa filimu ija amati ndi yabwino, zitseko zake n'zowongoka, koma anajambula munthu wolakwika.

Promise anandiikira filimuyo mu foni, ndipo ndinkaganiza kuti amalume sadzafuna kuionanso. Ndinalakwa. Ndikadutsa pa chisakasa amandiitana, amapukuta utuchi pa benchi, n'kundiuza kuti ndifike pa gawo la maliro. Nkhope yawo ikatuluka amati ndiimitse. Tsiku loyamba anayang'ana kwa nthawi yaitali kumene maso a munthu wa m'foniyo aloza. Kenako anayendetsa chala pang'onopang'ono kuchoka pa masowo, kudutsa m'mphepete mwa foni, mpaka chinakaima pa thabwa lopanda kanthu.

"Anaima apa," anatero. "Ankaimba bwino tsiku limenelo, Yunisi. Ndinamva nyimbo yonse. Ndikanangowauza."