Saizi ya Foni ya Bambo a Mwana

Pamsewu wonsewo amamutcha Masingano, chifukwa sungamupeze wopanda singano ziwiri kapena zitatu zobaya pakolala. Ndi telala. Kashopu kake kali pakati pa ometa tsitsi ndi amayi ochita fotokope, ndipo pansi pa tebulo lodulirapo nsalu pali katoni yaikulu momwe mwana wake wamkazi amagona masana.

Mwamuna wake amayendetsa thiraki yopita kunja. Ulendo uno anachoka mwana asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo miyezi inali itakwana isanu. Masingano akamaliza kusoka za anthu, zidutswa zotsala ankasokera mwana kadiresi, n'kumujambula. Zithunzi zinakwana makumi anayi. Sabata yathunthu, pa nthawi ya nkhomaliro, anazisanja mufoni kuti zizisinthana zokha, kanyimbo kakulira pansipansi. Chomaliza chinali cha mwana akuyenda yekha, akukoka tepi yoyezera.

Lachinayi m'mawa mwamuna anaimba foni.

"Mayi a mwana, ndili pamzere pachipata cha m'malire. Netiweki ilipo, koma tikangowoloka ndi masiku anayi opanda kanthu. Tumizani zija mwakhala mukundinyadira nazo."

Masingano anatumiza, n'kuyamba kuvinavina ndi mwana. Posakhalitsa foni inaliranso.

"Mwanditumizira chiyani? Ndi kapepala koyera, sikakutseguka. Mathiraki atsala asanu ndi imodzi kutsogolo kwanga."

Masingano anaberekera mwana kumbuyo n'kuthamangira khomo loyandikana. Amayi a Fotokope anatsitsa magalasi, nayang'ana foni, naseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, wawatumizira patani m'malo mwa diresi! Ichi ndi chosanjira chabe. Zithunzi zenizeni zatsala muno. Dina kamuvi kakuloza m'mwambako kuti atuluke kanema mmodzi wosokedwa kale."

Atadina, foni inamufunsa saizi: yaing'ono, yapakati, yaikulu. Apa Masingano sanafunse munthu. Chiyambire kusoka sanadulepo chovala chothina. Chachikulu umabweza, chaching'ono wawononga nsalu ya eni ake. Anasankha yaikulu kwambiri, natumiza.

Kamzere kosonyeza kutumiza kanasuntha pang'ono, n'kuima. Anakweza foni m'mwamba. Anatuluka nayo panja. Anakwera ngakhale pabenchi ya ometa tsitsi, amene anasiya mutu wa kasitomala uli theka.

"Alamu, mukufuna kujambula denga langa?"

"Inu metani anthu, asapite kwawo ngati nkhuku yososoka!"

Uthenga unalowa: mathiraki atsala atatu.

"Wasankha iti?" anafunsa Amayi a Fotokope atamutsatira panja.

"Yaikulu. Ndimafuna aone bwino timano tiwiri tija."

"Mayo ine! Imeneyo ndi ya pa wailesi ya kanema! Kafoni ka amuna ako n'kotani?"

"Kakang'ono, kosweka pakona."

"Ndiye ukuwasokera jekete la chimphona? Yeza munthu wake, iwe telala."

Masingano anaseka. Anabwerera pa kamuvi kaja. Chala chinazengereza pa saizi yaing'ono ngati akudula nsalu yodula popanda choko, koma anatsinzina n'kudina. Kanema anatuluka msanga, wopepuka. Anatumiza. Kamzere kanathamanga mpaka kumapeto mwana asanamalize n'kuyasamula komwe.

Kenako zii. Ometa anazimitsa makina. Kasitomala wa mutu wa theka uja nayenso anabwera kudzasuzumira.

"Podikira tisangokhala," anatero Amayi a Fotokope. "Chachikulu chija sichinawonongeke. Bwera nacho ndikuikire pa fulashi, apongozi ako akaonere pa wailesi ya kanema. Utulutsenso china choimirira, chachitali, chija anthu amaonera atagwira foni chilili. Makasitomala aone timadiresiti."

"Zithunzi zomwezo zituluke katatu?"

"Si nsalu imodzi umasokera bambo, mayi ndi mwana?"

Ali mkati mokopera, foni inalira. Masingano anaiika pokweza mawu kuti onse amve. Kunamveka mahutala, ambirimbiri, ndi munthu akukalipa chapatali.

"Bambo a mwana, chafika?"

"Chafika. Uyu akuyendayu ndi wanga? Uja ndinamusiya akungogona chagada?"

"Ndi wanu. Nanga phokosolo?"

"Ndi anzanga kumbuyoku. Chipata atsegula kalekale, ine ndikuonera kachitatu. Taimani, mumuike pafoni."

Masingano anamasula mwana n'kumuyandikitsa. Mwanayo anagwira foni ndi manja onse awiri, naiyang'anitsitsa, nailuma pakona.

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Akuti yendetsani galimoto, mukutsekereza anzanu!" anakuwa ometa tsitsi.

Kunamveka kuseka, kenako injini ikudzuka. Bambo a mwana foni sanaidule. Anangoisiya pampando, ndipo kanyimbo kaja kanayambanso kumveka, kachinayi, mpaka netiweki inatha.