Mwana Wolira pa Khonde la Telala

Dzulo ndikudutsa pa telala wina ku Msika wa Tsoka, fungo la mafuta a makina osokera linandibwezera pakhonde la sitolo pomwe bambo anga ankasokera.

Ndinali kamtsikana ka pulayimale. Tsiku lina mayi anakwezedwa lole kukaphunzira magule a mbumba ovinira mtsogoleri wa dziko, ndipo masiku amenewo kukana kunalibe. Anandisiyira mlongo wanga wa miyezi yochepa, amene analira mpaka mawu kusasa. Ndinamusintha thewera, ndinamupatsa phala, ndinamubereka n'kumazungulira naye pakhonde pa bambo paja, koma ayi ndithu.

Eni sitolo anatuluka nkhope ili gwaa. “A telala, mwanayu akundithamangitsira makasitomala. Akapanda kutonthola, makina anuwa achoke pakhonde pano.”

Bambo anangoweramira malaya omwe ankasoka n'kuyamba kuponda makina. Pamenepo ndinamva kulira kumsana kwanga kukuchepa. Atafika kumapeto kwa msoko n'kuima, mwana uja anayambiranso.

“Bambo, musaime! Pondanibe!”

“Ndisoke chiyani, iwe? Msoko watha.”

“Ingopondani choncho!”

Anachotsa ulusi n'kumaponda makina opanda nsalu. Ine ndinamutsitsa mwana, ndinamugoneka pachifuwa, n'kutsamira mwendo wa makinawo kuti kunjenjemera kwake kuzitifika tonse awiri. Mwanayo anasisima pang'ono, anapeza chala chake n'kuyamba kuyamwa, kenako zikope zinalemera.

Eni sitolo atasuzumiranso, ndinaika chala pakamwa kuti akhale chete. Munthu wamkulu uja anabwerera m'sitolo mwake monyang'ama.