Salimo lodyedwa ndi chiswe

Kabuku ka mapemphero a chipembedzo cha Chibahai anandipatsa ndi mnzanga wina wophika ku loji ya alendo ku Kakumbi. Ndinkakawerengera kumunda, uku ndikupirikitsa anyani, chifukwa mtima wanga unali ndi mafunso ambiri koma ndinkaopa pakamwa pa anthu a kutchalitchi kwathu.

Lamulungu lina anandisankha kupereka pemphero lotsekera. Nditangotsinzina, mawu a m'kabuku kaja anayamba kutuluka okha. Mpingo unayankha ameni wamphamvu, mayi wina mpaka kugwetsa misozi.

Titatuluka, mkulu wa mpingo, a Mbewe, anandigwira dzanja. "Mwana wanga, mawu okoma aja ali pati?"

"M'Masalimo, atate," ndinatero. "Chakumapeto uko."

Patapita masabata awiri anabwera panjinga, thukuta lili kamukamu, atanyamula Baibulo lawo lakale. Anati awerenga Masalimo onse kawiri mpaka maso kuwawa, koma mawu aja osawapeza. Kenaka anandionetsa masamba odyeka m'mphepete.

"Ndazindikira," anatero mwachisoni. "Ndi chiswe ichi."

Kabuku kaja kanali m'thumba la malaya anga, pamtima penipeni. Ine, munthu wofunafuna choonadi, ndinapukusa mutu n'kuwathandiza kutukwana chiswe.