Mafuta a Kampango pa Mwendo wa Alamu

Linali Lachiwiri pa 16 Okutobala 1979, nthawi ya 10 koloko m'mawa, pamene ndinalowa m'chipinda cha dokotala nditagwira alamu anga pamkono. Alamuwo, mlongo wake wa mkazi wanga, anali telala pakhonde la sitolo ina ku boma. Mwendo wawo wakumanja unkachita dzanzi, n'kuchira, n'kuchitanso dzanzi, ndipo makina awo anali opalasa ndi phazi.

Dokotala anali mzungu, ndipo pabanja ponse wofika ku sekondale ndinali ine. Ndinatenga kope ndi pensulo.

Anati akuganizira matenda osowa kwambiri kuno kwathu, ndipo dzina lake ndinalilemba bwinobwino: multiple sclerosis. Anafotokoza kuti mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi imakutidwa ngati waya wa magetsi, ndipo chokutiracho n'chamafuta. Mwa alamu chokutiracho chinkatupa ndi kunyenyeka. Anatinso madokotala ena kwawo akuganiza kuti mtundu wa mafuta opezeka m'tizikopa ta tizigawo ta thupi ungakulitse kapena kuchepetsa kutupako, choncho mafuta a nsomba mwina angathandizeko. Mawu akuti mwina anawanena kawiri. Ine ndinali kalikiliki kuwerenga zilembo za dzina lija, kuopa kusiyako chimodzi.

Kunyumba apongozi anga aakazi anafunsa funso limodzi lokha.

"Mafutawo ndi akudya kapena odzola?"

Ndinayang'ana m'kope. Munali dzina lija, chithunzi cha waya, ndi liwu lakuti mafuta. Mafuta kwathu ndi ambiri: ophikira, odzola, a nyale, a njinga. Ndikanatha kuvomera kuti sindinamve, koma banja lonse linali likundiyang'ana. Ndinaganiza mofatsa kuti vuto lili pamwendo, osati m'mimba. Alamu anandithandiza. Anati makina akamalira amawadonthezera mafuta pomwe pakulirapo. Ndinalengeza kuti ndi odzola.

Apongozi anaitanitsa akampango awiri aakulu kwa asodzi a ku Mwadzama, nasungunula mafuta ake m'chiwaya, n'kuthira m'botolo. Mnofu tinadya enafe. Alamu anawamana, akuti wodwala sadya zonona.

Ankawadzoza m'mawa ndi masana, kuyambira ntchafu mpaka zala. Kunali kotentha mwezi umenewo. Pofika tsiku lachitatu amphaka a sitolo zonse anali atasamukira pansi pa makina. Lachisanu ku mzikiti, kumene anthu amaima mapewa atagundana, alamu anapeza mpata wabwino mbali zonse ziwiri. Phazi nalo linkangoterereka pa chopondera. Choopsa chinali cha amayi ena amene anasoketsa zovala zokavinira ku msonkhano wa chipani. Anazibweza, akuti zikununkha padoko. Masiku amenewo pa nsalu ya chipani sunkafuna kuti pamveke dandaulo lililonse, ndiye mkazi wanga anazichapa katatu mwakachetechete.

Patatha masabata atatu tinabwerera kuchipatala. Dokotala anatsegula zenera asanatipatse moni. Anapinda buluku la alamu, nakhudza mwendo, n'kununkhiza chala chake. Ndinamufotokozera zonse m'Chingerezi changa chabwino kwambiri. Anatuluka panja, ndipo tinamumva akutsokomola nthawi yaitali. Atabwerera anati nsomba n'zakudya.

Kenaka anayeza mwendo uja, ndipo kutsokomola kunatha. Anati mphamvu ingabwerere kapena ayi, adye nsomba kapena asadye, ndipo palibe amene angalonjeze. Izi ndinamasulira liwu ndi liwu, osasiyako kanthu.

Tinayenda pang'onopang'ono pobwerera. Titafika pamthunzi wa mango alamu anaima.

"Ndiye alamu, akampango anga aja munadya inu, ine n'kundipaka msuzi?"

Ndinavomera. Anaseka mpaka kutsamira mtengo. Atapuma anafunsa chapansipansi kuti nanga makina aja azipalasa ndani. 

M'mawa mwake ndinalawirira padoko, n'kugula kampango, n'kukapereka kwa apongozi ndi malangizo omveka bwino. Kenaka ndinapita pakhonde paja. Ndinakwecha chopondera ndi phulusa, ndinapirikitsa amphaka, ndinakhala pabenchi pafupi ndi alamu, n'kuikapo phazi langa. Iwo anagwira nsalu. Msoko woyamba unapita chokhotakhota.

"Pang'onopang'ono, alamu," anatero. "Si njinga iyi."