Nsalu Yoyera pa Mpanda wa Abiti Juma

Fungo la chinangwa choviika likandipeza, kaya ndili m'minibasi kaya pamsika pa Benga pamene ndimakhala tsopano, ndimaona Abiti Juma ali chiweramire padooko la kamtsinje kathu ka Chankhanu, chitenje atachipanira m'mawondo, akuthira madzi pa kansalu koyera kamene ankakakunga pakamwa pa mtsuko, kwinaku utsi wa nsomba zowamba ukukwera kuchokera kunyanja, mitondo ikugunda m'makomo. Tinali oyandikana nyumba kwathu ku Liwaladzi, mpanda wa bango ndiwo unkatilekanitsa. Sanali agogo anga a magazi. Iwo anali a kumzikiti, ife a kutchalitchi, koma pakhomo pawo ndinkadya ngati mwana wa m'nyumba, ndipo khutu langa ankalipotokola osapempha chilolezo kwa munthu.

Anali aafupi, a mawu okwera. Ankagulitsa ufa wa kondowole, choncho manja awo ankanunkha chinangwa nthawi zonse, ngakhale asambe ndi sopo wamtundu wanji. Maenje awo oviikamo anawakumba kutali ndi mtsinje, kumunsi kwa potunga madzi, ndipo ankafuna kuti wina aliyense azichita chimodzimodzi.

Za nsalu zija zinayambira pa mapemphero awo. Asanaswali ankatawaza, ndiko kusamba kumaso, manja ndi mapazi, ndipo ankati madzi ake asakhale ndi mtundu, fungo kapena kukoma kwachilendo. Ndiye m'mawa uliwonse ankasefa mtsuko umodzi wodzaza, padooko lomwelo, ndi nsalu yomweyo, kenako n'kuiyanika pa mpanda moyang'ana njira. Amayi opita kukatunga ankangoiponyera diso. Ikakhala yoyera, basi, tungani imwani. Ikachita katondo m'dzinja, ankadziwa kuti madzi ayambe adikha, ndipo a ana awiritsidwe. Koma ikathimbirira m'chilimwe, Abiti ankatenga ndodo n'kukwera mtsinje. Paliponse pamene kakhwawa kathira m'Chankhanu ankasefanso ndi ngodya ina ya nsaluyo, mpaka apeze pamene pachokera litsiro. Nthawi zina inali mbuzi yofera m'madzi, nthawi zina mayi waulesi woviika chinangwa kumtunda. Mwini wake ankamutchula dzina padooko, anthu onse akumva. Abale, pakamwa paja tinkapaopa kuposa mkwapulo wa aphunzitsi.

Ndinawafunsapo kuti amavutikiranji ndi za eni. Anandiyankha akufinya nsalu, osandiyang'ana n'komwe: "Za eni ziti, iwe Dorika? Zimene achita wakumtunda m'mawa, masana zili m'mimba mwako."

Anthu atavotera nyali pa referendamu, matipate n'kubwera, zinthu zinasintha ndi kumtsinje komwe. Kale m'mphepete mwa madzi munali mitengo ya katope ndi bango lothithikana, ndipo khasu silinkafikamo. Tsopano aliyense anayamba kutsegula dimba mpaka m'madzi. Ukamuuza, ati nthawi yokakamizana inapita ndi makhadi a chipani. Tsoka lake, Abiti nyamakazi inali itawagwira mawondo. Padooko ankafika mokwawa ndi ndodo, koma kukwera mtsinje kunali kutawakanika.

Ndi nyengo yomweyo imene bambo anga anabwerera kumudzi. Zaka zambiri anali tenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo ine ndinkawadziwa ngati mlendo wa pa Khirisimasi wobwera ndi buledi. Ulendo uno anafika ndi chikwama chimodzi chakuda ndi pampu yopopera mankhwala. Chikwamacho anachikweza kudenga. Anatsegula dimba la matimati kumtunda kwa mudzi, anagwetsa katope, anazula bango, mizere n'kufika pamene madzi amanyambita. Ndinawamva ndi makutu anga akuuza amayi kuti matimatiwo akachita bwino akhazikika, akakanika abwerera ku esiteti. Mtima wanga unakhala pa matimati amenewo kuposa wa mwini dimba. Ndinali nditangozolowera kukhala ndi bambo ondikweza panjinga, ondifunsa zimene taphunzira, ondiseka kuti ndimayenda ngati bakha.

Matimati atayamba maluwa, bambo analamula kuti madzi a m'nyumba mwathu ndizikatunga pamwala, kumtunda kwa dimba lawo, osatinso padooko. Ati kumeneko ndi ozizira bwino. Kunali kutali, njira yake yaminga, ndipo ndinkafika khosi lili gwa, nkhata itanyowa, ndikung'ung'udza chamumtima. Anzanga onse ankacheza padooko, ine ndekha ndikutsetsereka ndi ndowa kuchokera kolakwika. Chifukwa chake sindinachiganizire. Ndinali mwana, ndinkangoona kuti andilanda macheza.

Pamenepo nsalu ya pampanda inali itayamba kuipa. Dzuwa lili phwee, mvula kulibe, koma inkatuluka yofiirira, ndipo Abiti ankainunkhiza n'kukwinya mphuno, ati ikumveka mankhwala. Nkhanu zinayamba kupezeka zitagada m'mphepete. Ana anayamba kutsegula m'mimba, ndipo amene anafooka kwambiri anali Saidi, kamdzukulu ka Abiti kongoyamba kuyenda, kamene ndinkakabereka kumbuyo ndikaweruka kusukulu. Madimba kumtunda anali ambiri, palibe ankadziwa kuti lolakwa ndi liti. Abiti ankakhala pakhonde, mawondo atatupa, akuyang'ana njira. Ine ndikamadutsa ndi ndowa yanga ndinkawapatsa moni, iwo n'kuyankha, maso ali pa ndowa.

Tsiku lina m'mawa mpanda unali wopanda nsalu. Masana ake tinamva odi kumaso kwa nyumba. Tinadabwa, chifukwa Abiti ankalowa kwathu podzera pa kampata ka mpanda, akukalipa asanafike n'komwe. Tsikulo anavala mpango wa ulendo, anazungulira njira yonse ndi ndodo yawo, nakhala pamphasa ngati mlendo wochokera kutali. Bambo anali pampando akukonza pampu. Malonje anatenga nthawi, Abiti anafunsa za aliyense mpaka nkhuku. Kenako anati kukhosi kwauma, tiwagawireko madzi. Mlendo sakanizidwa madzi. Amayi anandikodola, ndinakatunga mumtsuko, ndinagwada n'kupereka chikho ndi manja awiri.

Anayang'ana m'chikhomo, ananunkhiza, anamwa pang'ono n'kusunga m'kamwa. Kenako anamwa onse mpaka kupendeketsa.

"Koma ndiye okoma," anatero mofatsa. "Awa ndiwo madzi a Chankhanu amene ndimawadziwa ine. Mumatunga pati, bambo a Dorika? Mundiuzeko, nanenso ndikatungire Saidi."

Amayi anagwetsa nkhope. Bambo anasiya pampu. Ine ndili chigwadire ndi chikho m'manja, m'pamene mutu wanga unatseguka: bambo ankadziwa. Pampu ija ankaitsukira mumtsinje, mankhwala otsala ankakhuthulira momwemo, dothi la mizere yawo linkagumukira momwemo, ndipo mwana wawo yekha ndiye anamupatula. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze, ndipo chikondi changa pa iwo sichinachepe ngakhale pang'ono.

Bambo anapsa mtima monga amachitira munthu wogwidwa. Anati malowo ndi a makolo awo, mtsinje ulibe mwini, olima kumtunda si iwo okha, ndipo masiku ano munthu sauzidwa polima. Abiti anawasiya mpaka mawu anawathera. Kenako anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa nsalu ija ili yonyowa, yothimbirira, n'kuiyala pansi patsogolo pawo. Anati sanaiyanike dala, chifukwa akanaiyanika pakamwa pawo pakanatchula dzina, ndipo ine Dorika ndikanayenda bwanji pakati pa anzanga. Koma ana akudwala, sangakhale chete kupitirira tsikulo. Mawa lake atumiza amayi onse kukatunga pamwala, ndipo njira yake ndi yodutsa pa dimba lathu.

"Kuli bwino amve kwa inu asanaone okha," anatero, akudzuka movutikira. Nsaluyo anaisiya pomwepo.

Iwo atangopita, bambo analowa m'nyumba, anakwera pa mpando n'kutsitsa chikwama chakuda chija. Anachikuntha fumbi, nayamba kupindiramo malaya. Anauza amayi kuti sangakhale pamudzi pamene azimayi azimuloza chala, bola ku esiteti kumene munthu samudziwa. Amayi anangopita kuseri kwa nyumba. Ine ndinadumphira pa kampata kaja ndikulira, ndinawapeza Abiti akumwetsa Saidi phala lamadzimadzi, ndipo ndinawalankhula mawu amene mwana salankhula kwa wamkulu. Ndinati athamangitsa bambo anga ndi kansanza kawo. Ndinadikira kuti khutu lipotokoledwe. Sanandikhudze. Anandifunsa ngati chikwama chatsika, ndinavomera ndi mutu. Anandipatsa Saidi kuti ndimugwire, anatenga ndodo, ulendo uno n'kudzera pa kampata.

Ndinawatsatira mwana ali kumsana. Anaima pakhomo n'kuuza bambo kuti kumphepete kwa dambo, kutali ndi mtsinje, kuli malo a malemu amuna awo, okhala ndi chitsime chakale chimene sichiphwa. Angomera thengo chifukwa olima palibe. Akalime kumeneko matimati awo, pampu azikatsukira pa dzenje lokumba pamtunda. Bambo anakana, ati iwo si opemphetsa. Apa mawu a Abiti anabwerera m'malo mwake, mpaka nkhuku zinabalalika.

"Ndani wati ndikukupatsani ulere? Ine nsalu ndili nayo koma miyendo ndilibe. Inu miyendo muli nayo, ndipo kumene kumachokera zoipa mukukudziwa kuposa tonse. Mulime malo angawo, mundiyendere mtsinje. Mukathawa, bango munazula lija abwezeretsa ndani? Mwanayu?"

Chikwama chinakhala pakati pa nyumba chili chotsekula, ndipo tinadya chamadzulo tikuchizungulira ngati chitsa.

M'mawa ndinadzuka n'kupeza bambo mulibe m'nyumba. Ndinaunguza msanga, ndipo chikwama chinali pomwepo. Nsalu ndiyo panalibe. Ndinathamangira kudooko. Kwathu mwamuna safika potunga madzi azimayi alipo, ndiye ndinamva phwete ndisanafike. Bambo anga, munthu wamtali wa ndevu, anali atagwada m'matope, mtsuko wa Abiti uli pakati pa miyendo, akusefa madzi mosadziwa bwino, nsalu ikungoterereka. Azimayi ankagwirana mapewa ndi kuseka. Iwo anadzaza mtsuko, anafinya nsalu, anayenda nayo mpaka pa mpanda, nayanika okha. Kenako anatembenuka n'kunena kuti dothi ndi mankhwala zikuonekazo, zambiri ndi za m'dimba lawo, ndipo aliyense akatunge pamwala kufikira madzi atayera. Kuseka kunatha. Mayi wina amene mwana wake ankadwala anawalalatira kwambiri, iwo anangoima n'kumva zonse. Abiti anali pakhonde akusefa ufa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona osaponyapo liwu.

Sindinganame kuti zonse zinakhala bwino pompo. Matimati a m'mphepete aja, atasiya kupoperedwa, ambiri anaola. Chaka chimenecho tinapulumukira mango ndi ufa wa kondowole umene unkadutsa pa kampata m'kambale kophimba. Saidi anachira pang'onopang'ono. Bambo anabzalanso bango ndi timitengo ta katope, mbuzi n'kudya, iwo n'kubzalanso. Ankakwera mtsinje ndi nsalu m'thumba la malaya, akusefa pa makhwawa monga anawalangizira Abiti, n'kubwera kudzanena pakhonde zimene apeza. Eni madimba ena anamva, chifukwa wowauzayo anali atayamba wataya lake. Ena anawatukwana n'kuwapatsa dzina loti kapitawo wa nkhanu, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka ukalamba. Nsalu sinabwererenso kuyera kwake kwakale, koma fungo la mankhwala linatha, nkhanu zinayambanso kukumba m'mphepete, ndipo ine ndinabwerera padooko kwa anzanga.

Abiti Juma anamwalira ndili ku sekondale. Sindinawathokoze ali moyo, chifukwa akanandithamangitsa ndi chipande, ati ndikuwachedwetsa ntchito. Ndikuwathokoza pano. Akanatha kuyanika nsalu ija tsiku lomwelo n'kutchula dzina, ndipo palibe akanawatsutsa. Iwo anateteza madzi a mudzi wonse, nandisungiranso bambo. Mpaka lero ndikamwa madzi okoma pakhomo pa munthu, ndimafuna kudziwa kumene atungidwa ndi zimene akumwa a kumunsi, ndipo ana anga amandiseka kuti ndimanunkhiza kapu ngati mphaka.

Bambo anakalambira ku Liwaladzi, akulima kudambo kuja, ndipo tinawaika komweko. Chaka chimene tinkachotsa denga la udzu kuti tikhome malata, mchimwene wanga wamng'ono anagwetsa chinthu chakuda kuchokera pa mitengo ya denga. Chinali chikwama chija. Zipi inali itachita dzimbiri, pansi pake patabooka, ndipo makoswe anali ataberekeramo mibadwo ingapo.