Panado wa M'dilipi

Ngwe-ngwe-ngwe. Umu ndi mmene timabotolo tinkalirira anesi akamakankha kangolo ka mankhwala kulowa m'wodi ya amayi. Phokoso limeneli ndinkalimva ndili kale pakhomo, mlonda akutikusa chifukwa nthawi yoona odwala yatha.

Agogo anandilera ku Nkolokosa makolo anga atamwalira. Pamene pakhosi pawo panayamba kuvuta n'kuti ndikugwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Limbe. Chakudya chinayamba kukana kutsika, kenako phala, kenako madzi amene. Piritsi linkangozungulira m'kamwa n'kubwerera. Atawagoneka m'chipatala, adokotala anati panado azilowa kudzera mumtsempha, m'dilipi.

Wodwala wamkazi amafuna gadiyani wamkazi. Ife tinalibe. Ana a agogo onse anali kumanda, ndipo abale a ku Nsanje ankangoti tibwera. Ine pokhala mwamuna ndinkalowa ndi gulu masana n'kutuluka ndi gulu lomwelo. Amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza anali mayi wina wa ku Kanjedza, yemwe ankadwazika mwana wake pabedi loyandikana nalo.

Tsiku lililonse ndinkawapeza thupi lili moto, maso ali kudenga, akubuula m'Chisena. Ankaitana anthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndikawagwira dzanja ankalichotsa. Ndinkangokhala m'mphepete mwa bedi n'kumayang'ana kapulasitiki kamene anakamata pamkono pawo.

"Mukanawaona dzulo mutangochoka," mayi uja anandiuza tsiku lina. "Kabotolo katangotha, thukuta kuti kamukamu, maso n'kutseguka. Ayamba kundinena kuti ndimamanga chitenje ngati ndikuthawa mvula. Akumafunsatu za inu."

"Akumati chiyani?"

"Akumati, kamnyamata kanga kosayankhula kaja kadya?"

Kuyambira pamenepo ndinkangofuna chinthu chimodzi: andione, andizindikire, ndiwayankhe ndekha kuti ndadya.

Ndinalimba mtima n'kuwatsatira anesi pakhonde. "Asisita, simungawaike dilipiyo msanga pang'ono, ine ndikadali muno?"

"Achimwene, mankhwala ali ndi nthawi yake. Tikawapanikiza timawononga chiwindi." Anatsitsa mawu. "Komanso musamaganize kuti akuchiza. Ndi panado basi. Amangoziziritsa thupi n'kuchepetsa ululu."

Ndinavomera ndi mutu. Kuntchito ndinali nditauza kale anzanga kuti agogo akupezako bwino, poti ali pa dilipi.

Ndinayesa kuima kuseri kwa wodi, pafupi ndi pamene amayanika zovala, koma bedi lawo linali mbali inayo. Pazenera ndinkangoona misana ya anthu. Mayi uja ankandisungira mawu awo ngati mkute. Akuti mukatseke zenera la kuchipinda. Akuti malaya anu abuluu aja ali ndi batani lomasuka. Ndinkapita kunyumba n'kukatseka zeneralo.

Loweruka lina, mlonda atayamba kutikusa, mayiyo ananditwika beseni la zovala zonyowa. Tinatuluka, tinayanika, kenako tinabwerera limodzi.

"Ndi mwana wanga uyu, akundinyamulira," anatero pakhomo.

"Mwana wanu wandevu chonchi, amayi?"

"Nanga ndevu ndinam'patsa ndine? Tatipatseni njira, abambo."

Mlonda anaseka n'kuyang'ana kumbali. Ndinakhala pansi pakati pa mabedi awiriwo, nditaweramitsa mutu. Kangolo kaja kanabwera bedi ndi bedi. Kwa nthawi yoyamba ndinakaona kabotoloko pafupi. Kanali kakang'ono, madzi ake oyera ngati a pampopi.

Anesi anandiona koma anangopitiriza ntchito yawo. Ananyamula mkono wa agogo n'kuupeza watupa. Kapulasitiki kaja kanali katachoka mumtsempha. Anakamatula, anamanga mkono winawo, anaumenyamenya ndi zala, anabaya. Magazi sanabwere. Anayesa kuseri kwa dzanja. Anayesa kuphazi. Agogo sanakuwe n'komwe, ankangopitiriza kuitana akufa awo aja. Anesi anaitana anzawo, nawonso anayesa mpaka anapukusa mutu.

"Mitsempha yathawa," anatero. "Adokotala akabwera aona chochita."

"Abwera liti?"

"Ali ku fiyeta, akuchita opaleshoni. Sindinganame."

Kabotolo kanabwerera pakangolo kosatsegula, ndipo anakankha kupita bedi lotsatira.

Ndinaimirira n'kuweramira pankhope pawo. "Agogo, ndine. Ndadya." Mpweya wawo unali wotentha. Maso awo anadutsa pa ine n'kukaima kudenga.

Mayi wa ku Kanjedza anali chiimire kumbuyo kwanga nthawi yonseyi. Anatenga kansalu m'chikwama chake, anakaviika m'kapu ya madzi, anakafinya n'kundiika m'manja.

"Muziwapukuta pamphumi ndi m'khosi. Kakatentha muviikenso."

Atatero ananyamula mapoto ake n'kutuluka kukaphikira mwana wake.